Kulawa khofi kunyumba: mmene mungasiyanitsire wa ku Misuku, wa ku Thyolo ndi wa maiko ena

Ambiri a ife khofi tinamudziwira m'chitini: supuni ya ufa wosungunuka, shuga wambiri, mkaka pamwamba. Wina wa m'zitinizi, monga Ricoffy, sakhala khofi yekhayekha, amamusakaniza ndi muzu wokazinga wa chomera chotchedwa chicory. Munthu amene anazolowera kapu yotere akamva kuti khofi wa ku Misuku amasiyana ndi wa ku Thyolo, kapena kuti wa ku Kenya amawawasa pomwe wa ku Brazil amamveka mtedza, amangoti ndi mawu okometsera malonda. Koma kusiyanako kulipo ndithu, ndipo lilime la aliyense likhoza kukumva. Chinsinsi chake n'kuika makapu awiri kapena atatu pamodzi, opanda shuga ndi mkaka, n'kumalawa mosinthanasinthana. Khofi amene mwamwa lero simungamuyerekeze bwino ndi amene munamwa sabata yatha, chifukwa lilime silichedwa kuiwala. Njira ili m'munsiyi ndi yomwe ogula khofi amagwiritsa ntchito poyesa zokolola za alimi, koma ndaifewetsa kuti itheke ndi ziwiya za m'khitchini mwanu.

Choyamba: sankhani khofi, ndipo werengani paketi

Yambani ndi mitundu itatu basi. Ikachuluka, lilime limatopa ndipo zonse zimayamba kumveka chimodzimodzi. Kwa amene ali kuno kumudzi, poyambira pabwino ndi paketi ya Mzuzu Coffee, ina ya ku esiteti ya kum'mwera monga Satemwa ya ku Thyolo, ndi ina yakunja iliyonse imene mungaipeze, ngakhale mutachita kutuma m'bale wochokera ku Johannesburg, Nairobi kapena Dar es Salaam. Amene muli ku South Africa kapena ku Britain muli ndi mwayi, chifukwa m'masitolo akuluakulu khofi wa ku Ethiopia, Kenya, Colombia ndi Brazil amapezeka pa shelefu imodzi.

Pa paketipo musangoona dzina la dziko. Fufuzani zinthu zinayi. Dera limene khofiyo analimidwa, ndi kutalika kwa malowo ngati alemba. Mtundu wa mbewu, kaya ndi arabica kapena robusta, ndi dzina lake monga Geisha, Bourbon kapena SL28. Kakonzedwe kake, komwe amalemba kuti washed (wotsuka, wochotsedwa makoko asanayanikidwe) kapena natural (woyanikidwa ndi makoko ake). Ndiye kakazingidwe ndi tsiku limene anakazinga. Apa ndi pamene ambiri amasokonezekera: mukaika khofi wokazinga mopsereza pafupi ndi wokazinga pang'ono, chimene mudzamve ndi kusiyana kwa moto, osati kwa malo. Yesetsani kuti onse atatu akhale okazingidwa mwapakatikati. Njere zakuda bii zonyezimira mafuta zisiyeni pa ntchito imeneyi, chifukwa khofi wa dera lililonse akapserera chotero amangomveka makala.

Zilembo ngati AA, AB kapena PB zimene mumaziona pa khofi wa ku Kenya ndi Tanzania zimanena za kukula ndi maonekedwe a njere pozisefa. AA ndi njere zazikulu, PB ndi kanjere kozungulira kamene kamabadwa kokha m'chipatso m'malo mwa ziwiri. Sizikulonjeza kuti khofiyo ndi wokoma.

Chachiwiri: ziwiya ndi madzi

Mufunika makapu ofanana kukula, adothi kapena agalasi, supuni yakuya ya munthu aliyense, kapu ina ya madzi otentha otsukira supuni, ndi pepala lolembapo. Pansi pa kapu iliyonse matanipo kapepala ka dzina la khofiyo kuti musamaone pamene mukulawa. Mtima umakondera dzina lotchuka.

Madzi ndiwo mbali yaikulu ya kapu yanu, choncho musawapeputse. A pa mjigo omveka mchere amapha kuwawasa konse kwabwino. A pa mpope onunkha mankhwala tungani usiku agone m'chidebe chosavindikira kwambiri, kapena muwasefe. Kutentha koyenera ndi pafupifupi madigiri 93. Madzi amawira msanga kumalo okwera, motero ku Mzuzu, ku Lilongwe kapena ku Dedza amawira ali pa madigiri 95 kapena 96, ndipo mukangophula ketulo n'kudikira pang'ono ndiye kuti afika. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa, komwe ndi kotsika, amawira ali pafupi ndi 100, ndiye dikirani ngati mphindi imodzi.

Chachitatu: kuyeza ndi kupera

Muyezo umene akatswiri amatsata ndi magalamu 8.25 a khofi pa mamililita 150 a madzi. Kunyumba tingoti magalamu 11 pa kapu ya mamililita 200, omwe ndi pafupifupi masupuni akulu awiri osasefukira. Chachikulu n'chakuti makapu onse alandire muyezo wofanana.

Ngati mwagula wa njere, mwachita bwino, chifukwa khofi akaperedwa fungo lake limayamba kuthawa nthawi yomweyo. Perani mukatsala pang'ono kuthira madzi. Popanda makina operera, kamtondo kamathandiza, koma kakhale kosasinjiramo tsabola, adyo kapena nsinjiro, popeza khofi amakoka fungo la chilichonse. Musasinje mpaka kukhala ufa wosalala. Akhale wamiseremisere ngati mchere wa m'paketi wokhakhala pang'ono.

Chachinayi: nunkhizani, thirani, dikirani

Musanathire madzi, gwedezani kapu iliyonse n'kununkhiza ufa wouma. Lembani liwu loyamba limene labwera m'mutu, ngakhale likhale lachilendo. Kenako thirani madzi mpaka pafupi ndi mlomo wa kapu, kuonetsetsa kuti ufa wonse wanyowa, ndipo musatakase. Pamwamba padzapangika chikhungwa cha ufa woyandama. Dikirani mphindi 4.

Zikakwana, weramirani kapu mphuno ili pafupi, n'kukankha chikhungwacho ndi kumbuyo kwa supuni katatu. Fungo limene linatsekeredwa pansi limatuluka lonse pa kamphindi kameneka, ndipo nthawi zambiri ndi pomwe mumayamba kumva kuti makapuwo si amodzi. Tsukani supuni musanapite pa kapu ina. Mukatero yengulani thovu ndi zoyandama n'kutaya. Ufa wotsalawo umakhazikika pansi wokha, simufunikanso sefa.

Chachisanu: kulawa kwenikweni

Dikiraninso mphindi zina 5 kapena 6 kuti musapse lilime. Tapani ndi supuni n'kukokera m'kamwa mwamphamvu pamodzi ndi mpweya, mpaka kumveka phokoso. Pa tebulo la alendo khalidweli n'losayenera, koma apa n'lofunika, chifukwa khofiyo amamwazikira m'kamwa monse ndipo fungo limakwera kumphuno kudzera kukhosi. Zambiri zimene timati kukoma timazimva ndi mphuno.

Pa kapu iliyonse dzifunseni mafunso anayi. Kodi akuwawasa, ndipo kuwawasa kwake n'kotani: kwa mandimu, kwa nachesi, kwa bwemba, kapena kwa malambe? Kodi muli kutsekemera kwachibadwa, konga kwa uchi, nzimbe kapena nthochi yakupsa? Kodi m'kamwa akulemera kapena ndi wopepuka ngati tiyi? Nanga mukameza chikutsala n'chiyani, ndipo chikukhalitsa?

Pali kusiyana kumene ndikufuna mukugwire bwino, kwa kuwawasa ndi kuwawa. Kuwawasa kumamveka msanga ndipo kumatulutsa malovu, ndipo mu khofi wa kumapiri ndi chinthu chimene ogula amalipira ndalama zambiri kuti achipeze. Kuwawa kumatsalira kukhosi, ndipo kukachuluka kumasonyeza robusta, kupsereza pokazinga kapena ufa wosalala kwambiri. Anthu ambiri akalawa koyamba khofi wabwino wa ku Kenya amaganiza kuti wasasa, pomwe ndi mmene alili.

Mapaketi akunja amatchula zipatso zimene ambiri kuno sitinazidyepo, monga blackcurrant ndi blueberry. Musavutike nazo. Gwiritsani ntchito zimene lilime lanu likudziwa: chidede, masuku, masawu, jamu, mapichesi a ku Dedza, magwafa, mtedza wokazinga, chiponde. Liwu limene likukukumbutsani chinthu chenicheni ndi limene mudzalikumbukire mawa.

Bwererani ku makapuwo kawiri kapena katatu pamene akuzizira. Khofi wabwino akamazizira amatsekemera ndipo zipatso zake zimaonekera. Wachabechabe amabisala m'kutentha, akazizira n'kuyamba kumveka thumba lakale kapena pepala.

Chachisanu ndi chimodzi: dziwani zoyembekezera, kuyambira kwathu

Khofi anafika m'dziko muno mu 1878, pamene mbande yochokera ku Edinburgh inadzalidwa ku mishoni ya Blantyre, ndipo pofika cha m'ma 1900 ndiye anali mbewu yaikulu yogulitsa kunja, tiyi ndi fodya zisanamulande malo. Lero amalimidwa m'njira ziwiri. Kumpoto ndi alimi ang'onoang'ono, ambiri mwa iwo ali pansi pa Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union, m'madera a Misuku ku Chitipa, Phoka ndi Viphya North ku Rumphi, mapiri a Nkhata Bay, kum'mwera chakum'mawa kwa Mzimba, kuphatikizapo Ntchisi m'chigawo chapakati. Kum'mwera ndi maesiteti, ku Thyolo ndi madera oyandikana nawo, komanso ku Ngapani m'mapiri a Mangochi. Pafupifupi yense ndi arabica, ndipo wambiri ndi wotsuka.

Minda ya kumpoto ili pakati pa mamita 1,200 ndi 2,000, ndipo Misuku ndi ena mwa malo okwera kwambiri. Kumalo kozizira chipatso chimachedwa kupsa, njere imalimba, shuga ndi kuwawasa zimachuluka. N'chifukwa chake mu kapu ya khofi wabwino wa ku Misuku kapena Phoka muyembekezere kuwawasa koyera konga kwa nachesi kapena lalanje, kutsekemera kwa uchi, nthawi zina kafungo ka maluwa, ndi chokoleti chotsalira mukameza. Wa ku Thyolo, wolimidwa cha pa mamita 1,000, kawirikawiri ndi wofatsa: kuwawasa pang'ono, mtedza ndi chokoleti zambiri, ndipo amagwirizana ndi mkaka. Ine ndimaona kuti khofi wathu wa kumapiri a kumpoto akakazingidwa mosamala amaima bwinobwino pafupi ndi wa maiko otchuka, ndipo chimene chimamubisa nthawi zambiri ndi kumukazinga mopitirira pofuna kukondweretsa amene amati khofi weniweni ndi wakuda ndi wowawa.

Mbewu ziwiri zimene mudzazimve kwambiri kuno ndi Geisha ndi Nyika. Nyika ndi dzina lathu la mtundu wotchedwa Catimor 129, mtengo waufupi wobereka kwambiri umene umapirira matenda a dzimbiri la masamba ndi matenda oola zipatso. Kupirirako unakutengera ku Timor Hybrid, mtengo umene unabadwa wokha pa chilumba cha Timor arabica atakwatirana ndi robusta. Mlimi amaukonda pa chifukwa chomveka, ndipo ukalimidwa pamalo okwera umapereka kapu yabwino, yolemera pang'ono. Geisha ndi mtengo wautali umene gwero lake ndi nkhalango za Gesha ku Ethiopia, ndipo ndi umene umabweretsa kafungo ka maluwa ndi ka zipatso za mtundu wa malalanje. Koma chenjerani ndi dzinali. Geisha amene anatchuka pa dziko lonse ndi wa ku Panama, kuyambira 2004 pamene famu ya Hacienda La Esmeralda ya ku Boquete inapambana naye mpikisano. Pali mitengo yosiyanasiyana imene imatchedwa Geisha, choncho musayembekezere kuti wathu adzamveka ndendende ngati wa ku Panama. Mulaweni monga alili.

Tikadumpha malire, khofi wa ku Mbeya ndi Mbinga kum'mwera kwa Tanzania ndi mnansi weniweni wa wa ku Misuku, ndipo kuwasiyanitsa ndi mayeso ovuta amene ndi bwino kuwasungira m'tsogolo. Zambia amalima kumpoto cha ku Kasama, Zimbabwe kumapiri a kum'mawa ku Chipinge ndi Honde Valley, ndipo Mozambique anayamba kudzala pa phiri la Gorongosa pofuna kubwezeretsa nkhalango.

Kenya ndiye wosavuta kumuzindikira. Mbewu zake zotchuka, SL28 ndi SL34, zinasankhidwa ku Scott Laboratories m'zaka za m'ma 1930, ndipo zikalimidwa m'dothi lofiira la ku Nyeri ndi Kirinyaga m'munsi mwa phiri la Kenya zimapereka kuwawasa kwamphamvu kokhala ndi madzi ambiri. Ganizirani chakumwa cha chidede chothira shuga pang'ono, kapena bwemba, nthawi zina ngakhale tomato wakupsa. Ngati m'makapu anu atatu muli imodzi imene yakudzidzimutsani, mwina ndi imeneyo.

Ethiopia, kwawo kwa arabica, ali ndi nkhope ziwiri. Wotsuka wa ku Yirgacheffe ndi Sidama ndi wopepuka ngati tiyi, wonunkhira maluwa ndi khungu la ndimu. Woyanikidwa ndi makoko, monga wa ku Harrar ndi wambiri wa ku Guji, amamveka zipatso zakupsa kwambiri, mpaka kufanana ndi vinyo. Rwanda ndi Burundi amalima kwambiri Bourbon, wotsekemera, wa zipatso zofiira, wosalala m'kamwa.

Brazil, amene amakolola pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a khofi yense wa pa dziko, amalima malo osakwera kwambiri monga Minas Gerais ndipo wambiri amamuyanika ndi makoko. Zotsatira zake ndi kapu yolemera, yosawawasa kwenikweni, ya mtedza wokazinga ndi chokoleti. Colombia ali pakati: kuwawasa kwapakatikati ndi kutsekemera kwa shuga wopsereza pang'ono. Wa ku Sumatra ku Indonesia ndi wachilendo kwambiri chifukwa amamuchotsa chikhungwa chamkati njere zikadali zonyowa. Amamveka dothi lonyowa, mtengo, ndi fungo limene aliyense amene analowapo m'chigafa cha fodya adzalizindikira.

Robusta, amene Vietnam ndi Uganda amalima kwambiri, amakula kumalo otsika ndi otentha, ndipo ali ndi kafeini wochuluka pafupifupi kuwirikiza kawiri wa arabica. Ndi wowawa, wolemera, wosawawasa. Khofi wambiri wa m'chitini amachokera kwa iye. Tsiku lina muikeni pafupi ndi arabica wathu, mudzamvetsa chifukwa chake timathira shuga wambiri chotero.

Chachisanu ndi chiwiri: musanamizire dziko zimene zachitika pokonza

Mukazolowera madera, yambani kumvetsera kakonzedwe, chifukwa nthawi zina kamaposa malo mphamvu. Khofi wotsuka amatengedwa tsiku lomwelo akathyoledwa, n'kuchotsedwa makoko pa makina, kuvundikidwa m'matanki kuti nderere yake ichoke, kutsukidwa, n'kuyanikidwa pa thandala. Kapu yake imakhala yoyera, ndipo mbewu ndi dothi zimamveka bwino. Woyanikidwa ndi makoko amakhala milungu ingapo padzuwa njere ili m'kati mwa chipatso, choncho amayamwa kutsekemera ndi fungo la chipatsocho. Ngati mungapeze mapaketi awiri a dera limodzi, wina washed wina natural, alaweni pamodzi. Palibe phunziro lofulumira kuposa limenelo.

Palinso zolakwika zimene si chikhalidwe cha dera lililonse. Fungo la viniga kapena zipatso zoola limatanthauza kuti anavundika mopitirira. Fungo la chuku ndi la khofi amene ananyowa poyanika kapena posunga. Kumveka udzu wauwisi ndi kuuma kwa m'kamwa konga kwa nthochi yosapsa kumachokera ku zipatso zothyoledwa zili zobiriwira, ndipo ichi ndi chifukwa chake alangizi amalimbikira kuti alimi azithyola zofiira zokhazokha. Mu khofi wa ku Rwanda ndi Burundi, njere imodzi nthawi zina imanunkha mbatata ya kachewere yosenda kumene, vuto limene limagwirizana ndi kachirombo kotchedwa antestia. Mukakumana nalo, tayani kapu imeneyo n'kupera zina, chifukwa njere zotsalazo zimakhala zabwinobwino.

Chachisanu ndi chitatu: gulani ndi kuphika motsatira zimene mwapeza

Tsopano tembenuzani makapu muone maina, n'kuyerekeza ndi zimene munalemba. Ngati munakonda kapu yowawasa ndi yonunkhira, gulani wa ku Misuku, Phoka, Kenya kapena Ethiopia wotsuka, wokazingidwa pang'ono kapena mwapakatikati, ndipo muzimumwa wopanda mkaka, womusefa pa pepala kapena pa kansalu koyera kosachapidwa ndi sopo wonunkhira. Ngati mtima wanu unali pa kapu yolemera ya mtedza ndi chokoleti, kapena simungamwe popanda mkaka, wa ku Thyolo, Brazil kapena Colombia ndi amene sadzakukhumudwitsani, ndipo mukhoza kumuphika mu French press (jagi yokhala ndi sefa yokankhira pansi) kapena m'kapoto: kuthira madzi otentha, kudikira mphindi 4, n'kusefa. Musamuwiritse pamoto ngati tiyi wa mkaka, chifukwa amangotulutsa kuwawa.

Gulani pang'onopang'ono, paketi ya magalamu 250 imene mungaimalize pa mwezi umodzi. Sungani m'botolo lotseka bwino, pamalo ouma, kutali ndi dzuwa, ndi kutali ndi usipa, anyezi kapena parafini. M'firiji musaikemo, chifukwa potulutsa amachita chinyezi. Khofi wa kuno amakololedwa m'miyezi yozizira, kuyambira cha mu Meyi mpaka cha mu Seputembala, ndiye wa chaka chatsopano amayamba kupezeka chakumapeto kwa chaka. Pogula funsani ngati ali wa zokolola zatsopano, ndipo mukamupeza bwerezani kulawa kuja pomuika pafupi ndi wotsala wa chaka chatha.